Akati Mwana Watopa

Tamanda mwana wanga,

Ndakhala pano patebulo la kukhitchini. Iwe ndi amayi ako mwapita ku Lafayette Road kukagula zotsala zija, ndiye ndati ndilembe m'nyumba mudakali zii. Ndikudziwa kuti mukabwera amayi ako amasulanso sutikesi yako kuti alowetsemo zitenje zina, ngati kuti ku Chad ukukatsegula sitolo ya nsalu. Usalimbane nawo. Ali ndi mantha, ndipo akakhala ndi mantha manja awo amafuna chogwira.

Ndalemba m'Chichewa dala. Ndikudziwa kuti uwerenga ndi chala, milomo ikugwedera ngati mwana wa sitandade 2, ndipo mawu ena uwadumpha. Palibe kanthu. Chizungu changa n'chakuntchito, ndimalembera malipoti a odwala. Za mumtima ndikazilowetsa m'Chizungu zimatuluka zitaphwa. Ndipo usayisungire pandege kalatayi. Uwerenge lero lomwe, tisananyamuke mawa kupita ku eyapoti.

Choyamba udziwe kuti ndikukunyadira, ndipo sindikubisa. Ndalengeza kutchalitchi, ndalengeza kuntchito, ndamuuza ngakhale mzungu wokonza galimoto yathu kuno ku Beech Grove, amene sadziwa n'komwe kumene kuli Chad. Ndikumati mwana wanga ndi dokotala wa ana, wamaliza maphunziro pachipatala chachikulu cha m'tauni muno, ndipo akupita kukathandiza ana a anthu othawa nkhondo ku Sudan pamodzi ndi ana a eni dera amene awalandira. Amayi ako akuti anthu akandiona ndikubwera akumathawira kuchimbudzi. Athawe, ndiwadikira pakhomo.

Koma Lamulungu lapitali, tikuchokera kutchalitchi pagalimoto, amayi ako atatsika kukagula mkaka, unandiuza mawu amene sanandichoke m'mutu. Unayang'ana pawindo n'kunena m'Chizungu chako chija kuti mwina ungowaimbira foni anthu akukutumawo, uwauze kuti apeze wina. Unati, "Adadi, ngati ndinalephera kumva mayi wolankhula chilankhulo cha makolo anga, ndikamumva bwanji mayi wolankhula Chiarabu? Ndikaphetsa mwana wa munthu." Ine ndinangoti, "Aa, iwenso," amayi ako n'kutsegula chitseko, nkhani n'kuthera pomwepo. Umandidziwa, ndine munthu woyankha mochedwa ngati wailesi ya mabatire otha. Yankho langa ndi kalata ino.

Ndikudziwa tsiku limene ukunena. Tiye tilibwereze bwinobwino, chifukwa iwe ukulikumbukira mopotoka.

Tinali ku South Bend, amayi ako akuphunzira, ine ndikugwira shifiti ya m'mawa kunyumba yosamalira okalamba. Iwe unali mtsikana wa sekondale. A Nachisale anali atangofika kumene kuchokera ku Malawi kutsatira amuna awo, khanda lili kumsana, Chizungu chawo chili cha moni basi. Tsiku limenelo sukulu anatseka chifukwa cha sinoo, ndiye unali wekha pakhomo foni italira. Anakuuza kuti, "Uwauze adadi ako kuti mwana kuno watopa." Iwe unayankha mwaulemu monga tinakuphunzitsira, "Chabwino anti," n'kubwerera ku mabuku ako. M'mutu mwako khanda linali ndi tulo, ndipo ndani angamuimbire bambo ake kuntchito chifukwa khanda la eni lili ndi tulo?

Ndinafika masana, ndinavula nsapato, ndinadya. Ndikutsuka mbale ndi pamene unakumbukira, n'kundiuza m'Chizungu kuti anti aja anaimba, akuti mwana ali ndi tulo. Ndinatsala pang'ono kunena kuti amugoneke, koma china chinandigwira pamtima. Mmalawi saimba foni kukanena za tulo ta khanda. Ndinakufunsa kuti, "Anena kuti chiyani? Undiuze mawu awo enieni, m'Chichewa." Ndipo iwe unawabwereza monga anatulukira m'kamwa mwawo, ndi kamvekedwe komwe, ndi kupuma komwe anapuma pakati. Mwana kuno watopa.

Kwathu, mwana wanga, sitinena kuti munthu akufa. Pakamwa pamakana. Timati watopa. Ukamva kuti odwala aja atopa, ndiye kuti abale ayamba kuitanidwa ndipo azimayi ayamba kusuntha katundu pabalaza. Ndinasiya madzi akutuluka pampopi, n'kukukokera m'galimoto. Tinampeza mwana liwombo litalowa, maso atabwerera m'kati, khungu ukalitsina likungoima osabwerera. Anali atatsegula m'mimba masiku angapo. Amuna awo anali m'kalasi foni atazimitsa, galimoto analibe, ndipo wina anali atawanamiza a Nachisale kuti kuno ambulansi imabwera ndi apolisi. Tinathamangira kuchipatala, anamuika diripi, mwana anachira. Lero ndi chinamwali chachitali chija chimakupitirira msinkhu pa zithunzi za Khirisimasi.

Iwe unakhala kumbuyo kwa galimoto, ukugwira kaphazi ka mwanayo, ukulira mwakachetechete. Kuyambira tsiku limenelo ngakhale Chichewa chochepa chimene unkayankha unachisiya. Unkaganiza kuti sindinaone. Ndinaona, ndipo zinandiwawa.

Tsono tamvera. Iwe ukuti unalephera kumva. Tanthauzo limenelo ukanalidziwira kuti? Unakulira kuno, kumene odwala amagona kuseri kwa makatani ndipo ana sawaonetsa. Sunakhalepo pamphasa pakati pa azimayi odwazika matenda. Koma mawu amene sunawamvetse sunawataye, sunawakonze, sunawapake shuga. Unawasunga athunthu mpaka anafika kwa munthu wodziwa kulemera kwake. Mwana wina akanangoti anti anaimba, akupereka moni, ine n'kukagona. Chimene chinamupulumutsa mwana uja ndi khutu lako, Tamanda. Ine ndinangoyendetsa galimoto.

Ndiye langizo langa lalikulu ndi lomwelo. Kumene ukupitako ukagwira ntchito ndi womasulira, ndipo womasulira ndi munthu, amatopa, amafupikitsa, nthawi zina amachita manyazi ndi mawu a amayi akumudzi n'kuwaveka jekete. Mayi akalankhula nthawi yaitali, womasulira n'kukupatsa mawu awiri, usalembe msanga. Umufunse kuti, anena kuti chiyani, mawu awo enieni? Ukatero umufunsenso kuti, anthu kuno akanena choncho amatanthauza chiyani? Mtundu uliwonse uli ndi watopa wake. Sindikudziwa kuti anthu a ku Sudan amati chiyani, sindikudziwa kuti eni dera a ku Chad amati chiyani, koma ndikulumbira kuti mawuwo alipo. Ukawafunefune masiku oyambirira omwe, usanaphunzire ngakhale kufunsa mtengo wa tomato. Ukafunse azamba, ukafunse anamwino a konko, ndipo usaiwale kuti pakati pa othawawo pali anamwino ndi aphunzitsi amene anasiya ntchito zawo n'kuthawa ndi zovala za m'thupi. Safunsa anadya phula.

Ndipo usaganize kuti kudziwa chilankhulo ndiye kumva. Ine ndinalakwitsa m'Chichewa changa chomwe chino. Ndili mnyamata, nditangomaliza kosi ya zachipatala, ananditumiza kumalire ku Ntcheu nthawi imene anthu a ku Mozambique ankathawira kwathu. Ambiri ankalankhula ngati ife, ena tinali nawo ndi mfunda umodzi, ndiye ndinkadziona ngati katswiri. Tsiku lina kunabwera mayi ndi mwana wa chibayo. Ndinamupatsa botolo la mankhwala n'kunena monga ndinaphunzirira, "Muzikammwetsa katatu patsiku, akatha kudya." Anavomera ndi manja awiri. Patapita masiku anabweranso, mwana akupuma ngati wathamanga, botolo lili pafupifupi lodzaza. Ndinapsa mtima. Ndinati, "Mayi, mankhwalawa si maluwa oika pawindo!" Anandiyang'ana modabwa n'kuti, "Adokotala, munati akatha kudya. Ufa unatha, tikudikira kuti agawenso. Ndimaopa kummwetsa ndi njala, ndimati mwina amupha." Mayiyo sanandinyoze ayi. Anandimvera kuposa mmene ndinadzimvera ndekha. Mwana tinamugoneka n'kuchira, koma ine kuyambira pamenepo ndinasiya kumangirira mankhwala ku chakudya popanda kufunsa ngati chakudyacho chilipo. Ndinayamba kunena kuti dzuwa likatuluka, likafika paliwombo, likamalowa.

Iwe uli ndi mwayi, chifukwa amayi ambiri kumeneko amapemphera pa nthawi zake tsiku lililonse, ndipo nthawi zimenezo amazidziwa kuposa wotchi yako. Ukamangirire mankhwala ku mapemphero awo. Ukatha kulongosola, umuuze mayiyo akubwerezere zimene wamva, osangomufunsa kuti mwamva, chifukwa pamaso pa dokotala aliyense amati wamva. Umufunse ngati ali ndi kapu, ngati madzi amatunga pafupi, ngati pali womusiyira ana ena akabwera kusikelo. Mafunso amenewa m'mabuku ako mulibe, koma mankhwala amagwira kapena kulephera pomwepo.

Tsopano za eni dera, ndipo apa tchera khutu, chifukwa pa nkhani imeneyi bambo ako anachita manyazi pagulu. Pachipatala chathu chija mankhwala ankabwera m'dzina la othawa nkhondo. A m'midzi yozungulira ankayenera kupita kuchipatala china chakutali, kumene nthawi zambiri ankabwerako chimanjamanja. Ndiye ine funso langa loyamba pakhomo linkakhala lakuti, ndinu a mumsasa kapena a m'mudzi? Kunabwera mayi wina wamfupi, wa mawu ngati belu, mwana ali ndi chikuku thupi lonse. Anati ndi wa m'mudzi. Ndinayamba kumulozera njira ya kuchipatala china chija. Anamasula mwana kumsana, n'kumukhazika patebulo panga pamwamba pa mapepala, n'kuti, "Adokotala, pamene mwaika tebulo lanuli panali mizere yanga ya mbatata. Nkhuni akuphikira alendowa n'za m'phiri lathu, pachitsime tikuima nawo mzere umodzi. Tinawalandira, tinati mlendo ndi mame. Mamewo mpaka lero sanakamuke, ndipo sitikuwathamangitsa. Koma chikukuchi chinamufunsa mwana wanga kuti ndi wa mumsasa kapena wa m'mudzi?" Mzere wonse unaseka, othawa ndi eni mudzi omwe, ndipo amene anayamba kuomba m'manja anali amayi a mumsasa. Ndinamuona mwanayo thukuta la manyazi lili kamukamu pankhope panga, ndipo madzulo ake ndinapita kwa akuluakulu kukapempha kuti lamulolo aliunikenso.

N'chifukwa chake ndinasangalala utandiuza kuti chipatala chanu n'cha onse, othawa ndi eni dera. Koma zolembedwa n'zina, pakhomo pa chipatala n'zina. Lidzafika tsiku lotentha, mzere utafika kumsewu, chiponde cha ana onyentchera chitatsala pang'ono, ndipo wina adzakunong'oneza kuti tiyambe ndi athu. Pamenepo ukumbukire kuti eni derawo nawonso ndi osauka, ndipo anagawana ndi alendo chitsime chomwe sichinkawakwanira n'kale. Uyende mumzere wekha, uyang'ane ana, uyambe ndi amene wafooka kwambiri. Katemera ubaye onse. Funso lakuti wachokera kuti ulifunse pomalizira, pamene ukulemba, mwana atathandizidwa kale. Ndipo ukafika ukapereke moni kwa akuluakulu a mbali zonse ziwiri, ngakhale zikudyere tsiku lathunthu ndi tiyi wotsekemera mopweteka mano.

Usaganize kuti zolakwa zanga zonse n'zaunyamata. Ina ndachita ndi imvi zomwezi, pa Lafayette Road pomwepo. Ukuwadziwa mayi Salwa a ku Sudan aja, a sitolo imene timagulako nyama ya mbuzi. Nkhondo itavuta kwawo ndinawafunsa kuti abale ali bwanji. Anagwira pachifuwa n'kuyankha kuti tithokoze Mulungu. Ine ndinati zikomo, nkhani yabwino, n'kufunsa ngati nthiti zilipo. Tili m'galimoto amayi ako anandiyang'ana ngati ndaba m'mbale ya chopereka. Anati, "Bambo a Tamanda, inu mwakalambira chabe? Simunaone maso awo?" Mawa lake anadiraiva okha kubwererako, anakhala kuseri kwa kauntala, anamwa tiyi, anafunsanso kachiwiri ndi kachitatu. Ndi pamene zinatuluka kuti mng'ono wawo anathawa wapansi ndi ana, ndipo mwana wamng'ono anamuika m'manda panjira. Ine, munthu wa mtundu umene umayankha kuti tilipo maliro ali m'nyumba, ndinapusitsidwa ndi yankho loyamba. America wandiphunzitsa kufulumira, kumene munthu amakufunsa kuti uli bwanji ali kale pachitseko.

Ndiye mayi akakakuuza kuti tithokoze Mulungu, uvomereze, chifukwa Mulungu ngoyenera kuthokozedwa. Koma usatseke faelo. Umuyang'ane mwana, umugwire liwombo, umuyeze mkono, uone mmene akuyamwira, ndipo umufunsenso mayiyo mofatsa. Anthu amenewa afunsidwa mafunso ambiri ndi anthu a mayunifolomu, ndipo aphunzira kuyankha mwachidule. Ena aona zinthu zimene sangazinene pamaso pa womasulira wamwamuna, ndiye ukaona mayi akungoyang'ana pansi, upeze mzimayi mnzake akuthandize. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ukampeza mwana ali ndi kachithumwa m'khosi kapena pamkono, usakadule. Ine ndinadulapo kamodzi ndi sizasi kuti ndiike diripi bwino, ndipo mayiyo sanabwerenso ndi ana ake ena onse. Ungokasuntha, kapena umupemphe mwini wake akasunthe yekha.

Pali china chimene sindingakubisire, ngakhale amayi ako anati ndisakuuze. Ana ena akamwalira m'manja mwako. Ena akafika atayenda mtunda wautali, matenda atapita kale patali. Ena akafuna makina amene kuno ali m'chipinda chilichonse koma kumeneko kulibe. Ukamva bwino mawu onse, ukachita zonse molondola, mwana n'kupitabe. Tsiku limenelo satana akakunong'oneza kuti ndi khutu lako lija, walakwitsanso. Umukanize. Ukhale pansi ndi anzako, muone ngati panali china chochita, muphunzirepo, koma usasenze mtembo uliwonse pamutu pako, chifukwa khosi lako ndi limodzi ndipo mawa kukubwera ana ena.

Mwana wodwala woyamba kundifera m'manja, ine ndinathawira kuseri kwa chipatala, n'kumasamba m'manja osamaliza mpaka anthu atamutenga mayi wake. Ndinkati dokotala salira pagulu. Ndinakumana naye mayiyo pamsika patapita nthawi, anandipatsa moni bwinobwino, koma ine ndinalephera kumuyang'ana. Iwe usathawe. Kuno anakuphunzitsani kupepesa mwaulemu n'kutuluka msanga. Kumeneko ukhale pansi, pamphasa kapena padothi pomwe, mutu wako usapitirire wa mayiyo. Chilankhulo sichifunika pamenepo. Uwafunse azimayi a konko mwambo wake, kuti mwana amamufunditsa bwanji, amamunyamula ndani, kuti usawalakwire pa tsiku limene sadzaliiwala. Misozi ikabwera ileke ibwere. Ukatero upite ukadye, ngakhale usakufuna.

Za thupi lako ndinena mwachidule, poti dokotala ndiwe, ngakhale madokotala ndi amene samva. Uzimwa madzi usanamve ludzu. Uzigona m'neti ndipo mankhwala oteteza malungo usadumphitse. Usanamizidwe ndi nkhope yako yachimalawiyo, magazi ako ndi a ku Indiana, udzudzu ukakulandira ngati nyama ya Khirisimasi. Akakuuzani kuti lero msewu wakuti musadutse, usachite makani ngati a bambo ako. Tsiku lopuma uzipuma, chifukwa odwala sadzatha. Ndipo uziwaimbira amayi ako. Netiweki ikavuta, uziwateksita ngakhale mawu amodzi. Dzulo ndinawamva pafoni akuuza mnzawo kuti, "Mwana tamulerera kuno, tavutika naye mu sinoo, lero akuti akupita kumene anthu akuthawako." Koma asanadule anawonjezera kuti, "Komatu ndi dokotala weniweni, asisi, wa ana. Mumuike m'mapemphero." Mawu awo anakwera pa weniweni paja mpaka ndinawamva ndili m'galaja.

Ine mantha ndili nawo, ndisakunamize. Ndikayang'ana mapu n'kuona kufupika kwa malire ndi kumene kukumenyedwa nkhondo, ndimawatseka msanga mapuwo. Ndinakunyamula pa dzanja limodzi tsiku limene unabadwa, ndipo mtima wanga ukufuna ukanagwira ntchito m'tauni muno, n'kumabwera Loweruka kudzatithera zakudya mufiriji. Koma tinapemphera kuti ukhale munthu wothandiza anthu, ndipo walira mvula walira matope. Ine ndinasiya ntchito imeneyi pakati, n'kubwera kuno kudzayambiranso pansi. Sindidandaula, chifukwa m'menemo munatuluka iwe. Koma ndikakuona ukulongedza tepi yoyezera mikono ya ana, yofanana ndi imene ndinkayenda nayo m'thumba la malaya, ndimalephera kukhala pansi ndi chimwemwe.

Tsono yankho la funso lako la m'galimoto ndi ili. Ngati mtima wako wasintha, ngati waona kuti ntchitoyi si yako, kapena ukuopa za chitetezo, imba foniyo. Ndidzaima nawe, ndipo kutchalitchi ndikalengezanso ndi mawu omwewo kuti mwana wanga watsala, ali nafe. Palibe manyazi pamenepo. Koma ngati chokubweza ndi masana aja a ku South Bend, ndikukana. Ndikukana monga bambo ako, ndiponso monga munthu amene wagwira ntchito ndi madokotala ambiri, akuda ndi oyera. Woopsa ndi dokotala amene amaganiza kuti wamva. Iwe unaphunzira udakali mwana kuti mawu a mayi akhoza kunyamula moyo wa mwana iwe osadziwa, ndipo mantha amenewo sanakuchoke. Usawataye mantha amenewo, upite nawo. Ndi amene adzakuchititse kufunsa kachiwiri pamene wina akanalemba kale n'kuitana wotsatira. Ndikanakhala ine bambo wothawa nkhondo, mwana wanga ali m'manja, ndikanapempha Mulungu kuti pamzerepo ndipeze dokotala wotere.

Ndamva galaja ikutseguka, ndiye ndimalize amayi ako asanandipeze ndi maso ofiira n'kuyamba kundiseka.

Tsiku limene ndinkapita kumalire kuja, bambo anga anandiperekeza pa siteji ya basi. Moyo wanga wonse ankanditchula kuti iwe, kawirikawiri ndi mawu okweza. Basi itaima, anandigwira dzanja ndi manja awo awiri n'kuti, "Muyende bwino." Ndinacheuka kuti ndione amene akumuuza. Kumbuyo kwanga kunalibe munthu. Kwathu kholo likaona kuti mwana wakwana kusenza miyoyo ya anthu ena, limasiya kumuitana ngati mwana, ndipo silibwereranso.

Adokotala, tsekani sutikesiyo. Amayi aja ali pamzere ndi ana awo, akukudikirani. Pitani mukawamvere. Mulungu amene anakupatsani kwa ife akutsogolereni, akusungeni, ndipo akubwezereni kwa ife ntchito mutaigwira.

Muyende bwino, mayi.

Ndine,
Bambo anu